Alfred Nobel: mpondamatiki wamanyazi amene adalemera ndi zophulika

Mukacheza ndi anthu ochita geni, kaya ndi m'maokala a ku Katoto mumzinda wa Mzuzu, pamsika wa Jenda kapena pa Ekwendeni, mawu amene amamveka kawirikawiri ndi akuti bizinesi imafuna munthu wouma mtima. Ambiri amakhulupirira kuti munthu wachisoni ndi wamanyazi, amene amasowa tulo chifukwa choti kasitomala wamulankhula mokalipa, sangapite patali. Wotereyu akuti katundu wake amathera m'ngongole ndipo okala imatsekedwa chaka chisanathe.

Koma mbiri ya Alfred Nobel, mkulu amene adasiya chuma chimene mphoto za Nobel zimachokera, ikuonetsa zina. Mkuluyu adali wodwaladwala, wamanyazi, wosachedwa kukhumudwa komanso wodana ndi misonkhano. Ngakhale adali wotero, pomwe ankamwalira n'kuti ali ndi gawo m'mafakitale pafupifupi 90 m'maiko oposa 20. Mtima wake sudasinthe mpaka imfa. Chimene adachita ndi kukonza bizinesi yake kuti igwirizane ndi momwe iye adabadwira, ngakhale kuti pena adalipira mtengo wowawa.

Ubwana wa matenda ndi ngongole

Alfred Bernhard Nobel adabadwa pa 21 Okotobala 1833 mumzinda wa Stockholm m'dziko la Sweden. Chaka chomwecho bizinesi ya bambo ake, a Immanuel Nobel, omwe ankagwira ntchito zomangamanga ndi kupeka makina, idagwa ndipo adatsala ndi ngongole zambiri. M'banjamo mudabadwa ana 8 koma amene adakula ndi anayi okha: Robert, Ludvig, Alfred ndi Emil.

Mchaka cha 1837 bambowo adachoka ku Sweden kukayesa mwayi kunja, ndipo adakakhazikika mumzinda wa St Petersburg ku Russia. Kumbuyo kuno mayi ake, a Andriette, adatsegula kagolosale kogulitsa mkaka ndi ndiwo zamasamba kuti ana apeze chakudya. Choncho bizinesi yoyamba imene Alfred adaiona ndi maso ake sidali fakitale ayi, koma kaokala ka mayi ake.

Mwanayu ankadwaladwala kwambiri. Nthawi zambiri ankakhala chigonere m'nyumba pamene anzake akusewera panja, ndipo mayi ake ndiwo ankamusamalira usana ndi usiku. Chikondi cha awiriwa chidakhalapo mpaka mayiwo atamwalira.

Zinthu zidasintha mchaka cha 1842 pomwe banjali lidatsatira bambo awo ku St Petersburg. Kumeneko a Immanuel adapeza msika wabwino wopangira boma la Russia mabomba otchera m'nyanja. Ndalama zitayamba kulowa, anawo adawalembera aphunzitsi obwera kunyumba. Pofika zaka 17, Alfred ankalankhula bwino zinenero zisanu: cha kwawo ku Sweden, cha ku Russia, Chifalansa, Chijeremani ndi Chingerezi.

Koma mtima wake udali pa ndakatulo. Ankakonda kuwerenga zolemba za mlakatuli wa ku England, Percy Shelley, ndipo naye adayamba kulemba ndakatulo m'Chingerezi. Bambo ake sadakondwere nazo. Iwo ankafuna mwana woti adzathandize kufakitale, ndipo mchaka cha 1850 adamutumiza kunja kukaphunzira za sayansi ya kasakanizidwe ka mankhwala.

Ku Paris adakagwira ntchito mu labotale ya katswiri wina dzina lake Pelouze. Kumeneko ndi kumene adadziwa za nitroglycerin, madzi onga mafuta amene katswiri wa ku Italy, Ascanio Sobrero, adatulukira mchaka cha 1847. Madziwa amaphulika mwamphamvu kuposa wonga, koma vuto lake n'lakuti akangogwedezeka kapena kutenthedwa pang'ono amatha kuphulika okha. Mwini wake Sobrero ankawaopa ndipo ankachenjeza anthu kuti asawagwiritse ntchito.

Nkhondo ya ku Crimea itatha mchaka cha 1856, boma la Russia lidasiya kugula katundu wa a Immanuel. Fakitale imene inkadalira kasitomala mmodzi idayamba kulowa pansi, ndipo pofika 1859 bizinesi ya bambowo idagwanso kachiwiri. Apa n'kuti Alfred asanakwane zaka 26. Kuyambira pamenepo iye ankaopa ngongole kwambiri, ndipo moyo wake wonse ankalemba m'buku ndalama iliyonse imene walandira kapena kuwononga.

Tsiku limene sadaliiwale

Banjali litabwerera ku Sweden, Alfred adaika mtima pa kupeza njira yophulitsira nitroglycerin pa nthawi imene munthu akufuna. Mchaka cha 1863 boma lidamupatsa chiphaso chotsimikiza kuti luso limene adapeza ndi lake, ndipo patapita zaka ziwiri adakonza kachipangizo kakang'ono koyatsira zophulika kamene kadasintha ntchito za m'migodi.

Koma pa 3 Sepitembala 1864 kudachitika ngozi yoopsa. Shedi imene ankapangiramo nitroglycerin pamalo otchedwa Heleneborg ku Stockholm idaphulika ndi kupha anthu asanu. Mmodzi mwa iwo adali mng'ono wake Emil, mnyamata wa zaka 20. Pasanapite nthawi yaitali bambo ake adadwala matenda a sitiroko ndipo sadachirenso kwenikweni mpaka kumwalira kwawo mchaka cha 1872.

Anthu a mumzindawo adakwiya, ndipo akuluakulu adaletsa kupanga nitroglycerin mkati mwa mzinda. Alfred adakakamizika kusamutsira ntchito yake pachombo chimene adachiimika pa nyanja ya Mälaren. Za imfa ya mng'ono wakeyo sankakonda kuzikamba pagulu, moti ena ankamuona ngati munthu wosamva chisoni. Komatu makalata amene adasiya amaonetsa munthu wosweka mtima, amene ankabisa ululu wake m'ntchito.

Ngozi sizidathere pomwepo. Mchaka cha 1866 nitroglycerin idaphulika m'sitima yapamadzi ku Panama, mu ofesi ina mumzinda wa San Francisco ku America komanso m'nyumba yosungiramo katundu ku Sydney ku Australia. Chaka chomwecho fakitale yake ya ku Krümmel, pafupi ndi Hamburg ku Germany, idaphulika. Maiko ena adayamba kukhazikitsa malamulo oletsa katunduyu.

Wamalonda wina akadangoimba mlandu onyamula katundu n'kupitiriza kugulitsa, popeza msika udalipo. Nobel nkhaniyi idamusowetsa mtendere. Adabindikira mu labotale kuyesa kusakaniza madzi oopsawo ndi zinthu zosiyanasiyana monga makala ndi utuchi, mpaka adapeza dothi lina lopepuka lotchedwa kieselguhr, limene limamwa madzi ngati thonje. Atasakaniza magawo atatu a nitroglycerin ndi gawo limodzi la dothilo, padatuluka phala lolimba loti munthu angathe kuliumba ngati kandulo, kulinyamula pangolo ngakhale kuligwetsa pansi osaphulika.

Katundu watsopanoyu adamutcha dainamaiti, kuchokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza mphamvu, ndipo adalandira chiphaso chake mchaka cha 1867. Apa tingati mantha ake omwewo ndiwo adamupatsa chuma. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ngakhale adali wamanyazi, ntchito yotsimikizira anthu kuti dainamaiti ndi yodalirika sadaisiyire wina. Ankapita yekha m'malo oswera miyala, monga ku Merstham ku England mchaka cha 1867, kukaponya katunduyo pamoto ndi kumugwetsa kuchokera pamwamba anthu akuona. Sankadziwa kunyengerera ogula ndi mawu okoma, choncho ankalola kuti katunduyo adzilankhulire yekha.

Luso lakeli lidafika ndi kuno kummwera kwa Africa. Golide atapezeka ku Witwatersrand mchaka cha 1886, migodi idafuna zophulika zambiri, ndipo mchaka cha 1896 kudatsegulidwa fakitale yaikulu ya dainamaiti ku Modderfontein pafupi ndi Johannesburg, mothandizidwa ndi makampani a Nobel. Agogo athu ambiri a ku Mzimba, Nkhata Bay ndi maboma ena amene adapita ku Joni kudzera ku Wenela ankagwira ntchito pansi pa nthaka pamiyala yoswedwa ndi zophulika za mtundu umenewu.

Momwe ankadzitetezera

Mchaka cha 1996 katswiri wa za maganizo wa ku America, Elaine Aron, adatulutsa buku lofotokoza za anthu amene amakhudzidwa msanga ndi zinthu. Malinga ndi katswiriyu, mwa anthu 100 aliwonse, pakati pa 15 ndi 20 amabadwa otere. Phokoso, chipwirikiti cha anthu ndi mikangano zimawatopetsa msanga, amaganizira chinthu mozama asanachite, ndipo amaona tinthu ting'onoting'ono timene ena saona. Awa si matenda ayi, ndi chibadwa. Nobel adamwalira zaka 100 bukuli lisanatuluke, koma amene adalemba mbiri yake amafotokoza munthu wofanana kwambiri ndi ameneyu.

Nanga munthu wotere adakwanitsa bwanji kuyendetsa makampani m'maiko ambirimbiri?

Choyamba, ankakonda kalata kuposa msonkhano. Pa tsiku ankatha kulemba makalata ambiri ndi dzanja lake, aliyense m'chinenero chake, ndipo ankasunga kope ya kalata iliyonse. Papepala ankatha kukana, kudzudzula ndi kukambirana mitengo mosaopa, zinthu zimene zinkamuvuta pamaso pa anthu. Kalata inkamupatsanso mpata woganiza kaye asanayankhe, komanso inkakhala umboni mawa pakabuka mkangano.

Chachiwiri, adadziwa ntchito imene ankaitha ndi imene inkamudwalitsa. M'dziko lililonse ankapeza anthu a komweko oti aikepo ndalama ndi kuyendetsa fakitale, iye n'kupereka luso lake posinthana ndi masheya. Ndi momwe idayambira fakitale ya ku Ardeer ku Scotland, ya kampani imene idakhazikitsidwa mchaka cha 1871. Makampani ake atayamba kulimbirana okha msika, adavomera kuti aphatikizidwe m'magulu awiri akuluakulu, lina ku London mchaka cha 1886 ndi lina ku Paris mchaka cha 1887. Mutu umodzi susenza denga.

Chachitatu, adali ndi malo othawirako. Atasamukira ku Paris mchaka cha 1873 adamanga labotale panyumba pake, kenaka ina ku Sevran kunja kwa mzinda. M'menemo ankatha maola ambiri ndi womuthandiza mmodzi yekha, ngakhale kuti fungo la nitroglycerin linkamupweteketsa mutu. Muzii wa mu labotalemo ndi momwe mudatuluka zophulika zina zamphamvu kuposa dainamaiti mchaka cha 1875, komanso wonga wosafuka utsi kwambiri wotchedwa ballistite mchaka cha 1887. Zonse pamodzi adalandira ziphaso 355 za maluso ake.

Chachinayi, ankadziwa kukana zinthu zongomudyera mphamvu. Maphwando a anthu olemera ankawazemba, sankafuna kujambulidwa, ndipo mamendulo ndi maulemu ankaziona ngati zachabe. M'malo mwake ankapuma powerenga mabuku, omwe adali nawo oposa 1,500, ndi kukwera ngolo yokokedwa ndi akavalo ake. Ngakhale atatanganidwa bwanji, ankayesetsa kupita ku Stockholm kukakhala ndi mayi ake pa tsiku lokumbukira kubadwa kwawo.

Pamene kufatsa kudamupweteketsa

Si zonse zimene zidamuyendera. Mbiri yoti ndi wachifundo itamveka, makalata opempha ndalama ankabwera tsiku ndi tsiku kuchokera kwa abale, anzake ndi anthu osawadziwa n'komwe. Ankadandaula nazo koma ambiri ankawapatsabe. Aliyense amene ali ndi golosale pakati pa abale ake akudziwa kulemera kwa katundu ameneyu.

Nkhani ya banja nayo idamukanika. Mchaka cha 1876 adalemba ntchito mayi wina wa ku Austria, Bertha Kinsky, ngati mlembi wake. Awiriwa adagwirizana kwambiri m'maganizo, koma patangopita masiku ochepa mayiyu adabwerera kwawo kukakwatiwa ndi Arthur von Suttner. Chaka chomwecho Nobel adadziwana ndi Sofie Hess, mtsikana wogulitsa maluwa pafupi ndi Vienna. Ubwenzi wawo udatha zaka pafupifupi 18, koma udadzadza ndi madandaulo ndi ngongole za mtsikanayo zimene mkuluyu ankangobweza. Nobel sadakwatire ndipo sadasiye mwana.

Ku America adakumana ndi anthu ochenjera pa malonda amene ankafuna kumulanda luso lake kudzera m'makhoti. Zidamunyansa kotero kuti atachokako mchaka cha 1866 sadapondekonso.

Koma chimene chidamugwedeza kwambiri ndi nkhani ya Paul Barbe, mnzake wa bizinesi ku France. Barbe adali munthu wolimba mtima, wodziwa kulankhula ndi andale, ndipo adafika pokhala nduna ya boma. Ankachita zonse zimene Nobel sankazitha, n'chifukwa chake adamusiyira zambiri ngakhale ankadziwa kuti mnzakeyo si wokhulupirika kwenikweni. Barbe atamwalira mchaka cha 1890 zidaululika kuti adakhudzidwa ndi katangale wa ndalama za ngalande ya Panama, komanso kuti akuluakulu ena a kampani ya ku France adataya ndalama zambiri m'malonda achinyengo.

Kwa kanthawi Nobel adaganiza kuti chuma chake chonse chapita ngati momwe zidachitikira ndi bambo ake. Adathira ndalama zake kuti apulumutse kampaniyo, adachotsa akuluakulu olakwawo, kenaka adatula pansi maudindo ake m'mabodi a makampani a dainamaiti. Phunziro lake lidali lowawa: kugawira ena ntchito n'kwabwino, koma mabuku a ndalama mwini wake sayenera kuwatayirira.

Mavuto adabwera mondondozana. Mchaka cha 1888 mkulu wake Ludvig, amene adalemera ndi malonda a mafuta ku Baku, adamwalira ku Cannes, ndipo nyuzipepala ina ya ku France idalakwitsa n'kulengeza kuti wamwalira ndi Alfred, ndi mawu osonyeza kuti sadali munthu wothandiza dziko. Mchaka cha 1889 mayi ake adamwalira. Atagulitsa luso la ballistite ku boma la Italy, nyuzipepala za ku France zidamunena kuti ndi kazitape, ndipo apolisi adatseka labotale yake ya ku Sevran. Mchaka cha 1891 adasamuka ku Paris kukakhala ku San Remo m'dziko la Italy.

Ku Britain nakonso adaluza mlandu mchaka cha 1895. Nobel ankati akatswiri awiri, Frederick Abel ndi James Dewar, amene adawaululira zinsinsi za ballistite powakhulupirira, adangosintha pang'ono luso lake n'kupanga wonga wawo wotchedwa cordite. Makhoti onse adagamula momutsutsa. Mkwiyo wake adautsanulira papepala polemba sewero lonyoza makhoti ndi maloya.

Chikumbumtima ndi wilo

Sitinganene kuti Nobel adali mngelo. Dainamaiti idathandiza kuboola mapiri, monga njanji yodutsa pansi pa phiri la Gotthard ku Switzerland imene idatsegulidwa mchaka cha 1882, koma ballistite udali wonga wa nkhondo. Mchaka cha 1894 adagulanso kampani ya Bofors ku Sweden, yopanga mizinga. Iye ankadzitonthoza ndi maganizo akuti zida zikadzafika poopsa kwambiri, maiko adzaopa kumenyana. Nkhondo ziwiri zikuluzikulu zimene zidabwera iye atamwalira zidaonetsa kuti maganizowo adali olakwika.

Komabe nkhaniyi inkamuvutitsa. Kwa zaka zambiri ankalemberana makalata ndi Bertha von Suttner, yemwe adasanduka mtsogoleri wa gulu lolimbikitsa mtendere ku Ulaya. Ankatsutsana pa zambiri koma Nobel ankamvetsera, ndipo ankatumiza ndalama zothandizira ntchito ya mayiyu.

Pa 27 Novembala 1895, ali ku Paris, adasayina wilo yake yomaliza. Adailemba yekha popanda loya, popeza maloya adali atatopa nawo. M'menemo adalamula kuti pafupifupi chuma chake chonse, ndalama za ku Sweden zoposa makrona 31 miliyoni, chisungidwe ndipo phindu lake lizigawidwa chaka chilichonse kwa anthu amene athandiza kwambiri mtundu wa anthu. Adatchula magawo asanu: sayansi ya physics, sayansi ya chemistry, zachipatala, zolembalemba ndi mtendere. Adanenetsa kuti posankha wopambana asayang'ane dziko limene munthu akuchokera.

Pa nthawiyi n'kuti akudwala mtima, ndipo chodabwitsa n'chakuti madokotala adamulembera mankhwala a nitroglycerin yemweyo, amene mpaka lero amathandiza odwala mtima akaperekedwa pang'ono kwambiri. Adamwalira pa 10 Disembala 1896 ku San Remo ali ndi zaka 63, atagwidwa ndi sitiroko. M'masiku ake omaliza adaiwala zinenero zina zonse n'kutsala ndi cha kwawo chokha, chimene antchito a m'nyumba mwake sankachimva. Pambali pake padalibe wachibale ngakhale mmodzi, chinthu chimene iye ankachiopa kuyambira kale.

Wilo ija itawerengedwa padabuka mkangano. Achibale ena adapita kukhoti, ndipo ngakhale mfumu ya Sweden, Oscar II, poyamba sidakondwere kuti chuma chotere chizipita kwa anthu akunja. Koma pa ulendo uno Nobel adali atasankha bwino munthu womukhulupirira. Ragnar Sohlman, mnyamata amene adamulemba ntchito mchaka cha 1893 ngati womuthandiza mu labotale, ndiye adapatsidwa udindo woyendetsa wiloyo pamodzi ndi Rudolf Lilljequist. Sohlman adalimbana nazo kwa zaka zingapo mpaka bungwe la Nobel Foundation lidakhazikitsidwa mchaka cha 1900, ndipo mphoto zoyamba zidaperekedwa mchaka cha 1901.

Bertha von Suttner adalandira mphoto ya mtendere mchaka cha 1905. Kuno ku Africa, mphoto ya mtendere ya 1960 idapita kwa Albert Luthuli wa ku South Africa, ya 1984 kwa Desmond Tutu, ya 1993 kwa Nelson Mandela ndi F. W. de Klerk, ndipo ya 2004 kwa Wangari Maathai wa ku Kenya. Wole Soyinka wa ku Nigeria adalandira ya zolembalemba mchaka cha 1986.

Makolo amene muli ndi mwana wofatsa, wokonda kukhala payekha ndi wosachedwa kugwetsa misozi, musafulumire kunena kuti sangagwire geni. Mwina ndi yemweyo amene angaone msanga kuti sikelo yayamba kunama kapena kuti kasitomala wachoka wosakondwa. Chimene akufunika ndi buku lolembamo ngongole, munthu wokhulupirika womuthandiza kulondola ndalama kwa amene adakongola, nthawi yopuma, ndi abale omuyandikira. Zitatu zoyambazo Nobel adazipeza, ngakhale kuti munthu wokhulupirikayo adamupeza mochedwa. Chachinayicho chidamusowa mpaka tsiku lake lomaliza.

Manda ake ali ku Solna, pafupi ndi Stockholm, ndipo mphoto zake zimaperekedwa chaka chilichonse pa 10 Disembala, tsiku limene adamwalira.